SymPy ndi Maxima: kodi zimamva mukaziuza kuti function ndi linear?

Amene amachita masamu a uinjiniya pa kompyuta amadziwa pamene mutu umayambira kuzungulira. Mwalemba equation yokhala ndi function yomwe simunaipatse maonekedwe, mwangoitchula f, ndiye mwauza pulogalamu kuti itenge derivative yachiwiri. Yankho likubwera lalitali mpaka kusefukira pa sikirini, lodzaza ndi zidutswa zomwe inu mukudziwa kale kuti ndi ziro, chifukwa f wanuyo ndi mzere woongoka. Funso limene ophunzira a ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, ndiponso aphunzitsi a calculus amafunsa ndi lomweli: kodi palibe njira yongouza pulogalamu kuti f ndi linear, iyo n'kudzichotsera yokha zinyalalazo?

Ndemanga ino ikuunika mapulogalamu awiri aulere pa ntchito imeneyi yokha. Yoyamba ndi SymPy, yomwe imayendera mu Python, inayambitsidwa ndi Ondřej Čertík ndipo inafika pa version 1.0 mu 2016. Yachiwiri ndi Maxima, mdzukulu wa pulogalamu ya masamu ya Macsyma yomwe inayamba ku yunivesite ya MIT ku America mu 1968. William Schelter ndiye anaisamalira kuyambira 1982 mpaka pamene anamwalira mu 2001, ndipo mu 1998 analoledwa kuitulutsa pansi pa layisensi ya GPL, yolola aliyense kuigwiritsa ntchito ndi kuigawa. Mathematica ndi Maple n'zolipira, ndipo malipiro ake ndi a ndalama zakunja, choncho kwa ambiri muno mu Blantyre nkhani yake imathera pomwepo. Ziwiri zaulerezi zimagwira ntchito popanda intaneti mukangoziika. SymPy imalowa ndi `pip install sympy`, pafupifupi 6 MB ngati Python ilimo kale, ndipo siidya bundle. Maxima ndi yolemererapo, koma fayilo yoikira ingathe kuyenda pa fulashi kalasi yonse, ndipo imabwera ndi wxMaxima yoonetsa masamu mooneka bwino.

Yankho lachidule n'lakuti palibe mwa ziwirizi yomwe ili ndi batani lomwe mukulifunalo. Maxima ili ndi chinthu chooneka ngati lomwelo, koma chimachita zina.

Tiyambe ndi SymPy. Mukalemba `f = Function('f', linear=True)`, pulogalamu siidandaula ngakhale pang'ono. Imalandira, n'kukhala chete. Mukafunsa `f(x).diff(x, 2)` imakubwezerani `Derivative(f(x), (x, 2))` monga ngati simunanene kanthu. Chifukwa chake n'chakuti SymPy ili ndi mndandanda wake wa zinthu zomwe imazizindikira, monga real, positive ndi integer, ndipo linear mulibemo. Mawu osadziwikawo imangowasunga ngati chizindikiro pa function, palibe gawo la pulogalamu lomwe limapita kukawawerenga. Zili ngati kondakitala wa minibasi amene wavomera kuti mutsika pa Ginnery Corner koma osamuuza dalaivala. Apa SymPy tiyenera kuidzudzula: bwenzi zili bwino ikanakana poyera, kusiyana n'kusiya munthu akuganiza kuti wamveka.

Maxima nayo ili ndi `declare(f, linear)`, ndipo iyi imachitadi kanthu. Mukalemba `f(2*x + 3*y)` imakupatsani `3*f(y) + 2*f(x)`. Imamwaza f pa zophatikiza, n'kutulutsa manambala kunja. Chilembo ngati a mu `f(a*x)` sichituluka pokhapokha mutalemba `declare(a, constant)`. Koma funsani `diff(f(x), x, 2)` muone: derivative ikhala chikhalire, siisanduka ziro. Lamuloli limagwira pa zomwe zili mkati mwa f, osati pa derivative yake.

Pali vuto lina lalikulu kuposa limeneli, ndipo pagona nkhani ndi pamenepa. Mzere womwe tonse tinaphunzira ku sekondale, y = mx + c, sumvera lamulo la `declare` pokhapokha c atakhala ziro. Tengani kusintha kutentha kuchoka mu Celsius kupita mu Fahrenheit, F = 1.8C + 32. Pa galafu ndi mzere woongoka bwinobwino, derivative yake yachiwiri ndi ziro. Koma f(10 + 10) ndi 68, pamene f(10) + f(10) ndi 100. Mukauza Maxima kuti function yotereyi ndi linear, imamwaza f pa chophatikiza chilichonse, ndipo 32 uja amawerengedwa kawiri kapena katatu popanda chenjezo. Yankho limatuluka lalifupi, looneka laukhondo, koma lolakwika. Malo oyenera `declare(f, linear)` ndi pa zinthu zogwira ntchito ngati integral, Laplace transform, kapena expectation ya mu statistics, zomwe zimamwazikadi pa zophatikiza ndipo ziro zimamubweza ziro. Pa zimenezo ndi chida chabwino kwambiri, ndipo SymPy ilibe chofanana nacho chobwera chopangidwa kale. Pa mzere wa gradient ndi intercept, chisiyeni.

Chimene ambiri amafuna kwenikweni n'chakuti derivative yoyamba ikhale nambala yosasintha. Apa Maxima imawala. Mzere umodzi wokha:

`gradef(f(x), a);`

Kuyambira pamenepo `diff(f(x), x)` ndi a, `diff(f(x), x, 2)` ndi 0, ndipo `diff(f(x^2), x)` ndi `2*a*x`, kutanthauza kuti chain rule yagwira yokha. Izi n'zofunika chifukwa Maxima, ikapatsidwa function yosadziwika yopanda `gradef`, siitsegula `diff(f(x^2), x)`, imangoibweza momwe ilili pokhapokha mutalowetsa phukusi la pdiff. Ngati function ili ndi zolowa ziwiri, mumalemba `gradef(h(x, y), a, b)`, a wa x ndi b wa y. Dzina la f limakhalabe m'yankho paliponse pomwe silinatengedwe derivative, zomwe zimathandiza kuti munthu aziona chomwe chikuchokera kuti.

Mu SymPy chofanana nacho chilipo, kungoti mumayenera kuchimanga nokha:

```
a = Symbol('a')
class f(Function):
    def fdiff(self, argindex=1):
        return a
```

Mizere inayi imeneyi imapereka zotsatira zomwezo: a, kenako 0, ndipo `f(x**2).diff(x)` ndi `2*a*x`. Pa zolowa ziwiri mumayang'ana `argindex`, yomwe imayamba kuwerenga pa 1 osati pa 0 monga zina zonse za Python, n'kubweza a ikakhala 1 ndi b ikakhala 2. Kwa amene sanafikepo pa class mu Python, izi n'zoopsa pang'ono pa tsiku loyamba, koma n'zongolemba kamodzi.

Njira ziwirizi zili ndi chilema chimodzi chomwe sichioneka msanga. Pulogalamu imadziwa gradient ya f, koma siidziwa kuti f mwiniyo amadalira a. Mukatenga derivative ya f(x) potsata a, yankho ndi 0, pamene loona ndi x. Amene akuchita least squares, njira yopezera mzere woyandikira kwambiri zomwe zayezedwa, kapena akufuna kudziwa momwe yankho limasinthira gradient ikasintha, amagwa m'mbuna imeneyi, chifukwa derivative yomwe akuifuna kwambiri ndi yomweyo yomwe yafafanizidwa. Ndiponso f(3) − f(1) sasanduka 2a. Mwaiphunzitsa pulogalamu za derivative basi, zina zonse siikuzidziwa.

N'chifukwa chake njira yomwe timaiika patsogolo ndi yosasangalatsa kwenikweni: lembani mzerewo poyera. Mu SymPy:

`expr.replace(f, lambda t: a*t + b).doit()`

Apa f ndi `Function('f')` wamba. Lamuloli limafufuza paliponse pomwe pali f, kaya ndi f(x), f(2*x) kapena f(y), n'kuikapo mzere. Mawu a `doit()` kumapetoko musawaiwale. Popanda iwo mumatsala ndi `Derivative(a*x + b, x)` yosatsegulidwa, ndipo ambiri amaganiza kuti njirayo yakana. Chenjerani ndi `expr.subs(f(x), a*x + b)`, yomwe ndi imene dzanja limathamangirako. Imagwira f(x) yekha, f(2*x) imamudumpha, ndiye yankho limatuluka theka losinthidwa theka losasinthidwa. Makamaka chifukwa SymPy ikatenga derivative ya f(2*x) imaisunga mkati mwa chinthu chotchedwa `Subs`, chokhala ndi chilembo chake chosakhalitsa, ndipo `subs` yofunafuna f(x) siimupezamo.

Palinso malo amodzi pomwe `replace` imapunthwa. Derivative ya f(g(x)) imalembedwa potsata g(x) mwiniyo. Mukasintha g kukhala mzere pambuyo pake, pulogalamu imapezeka ikufunsidwa derivative potsata `a*x + b`, chinthu chomwe si chilembo, ndipo imaima n'kutulutsa uthenga wa vuto. Mankhwala ake n'kusintha g musanatenge derivative. Mu Maxima mumangolemba `f(t) := a*t + b`, ndipo ngati munali mutatenga kale derivative, `ev(expr, nouns)` imatsegula zonse zomwe zinali zitaima. Kwa amene ali ndi mwayi wa Mathematica, `expr /. f -> Function[t, a t + b]` imachita ntchito yomweyi, ndipo imafika ndi pa f'[x] yemwe.

Ena sakonda kulowetsa a ndi b. Amafuna kuti f'(x) akhalebe m'yankho monga alili, zife ndi za chiwiri kupita m'tsogolo zokha. N'zotheka mu SymPy:

```
expr.replace(
    lambda e: isinstance(e, Derivative)
        and e.expr.func == f
        and e.derivative_count >= 2,
    lambda e: S.Zero)
```

Mzere wa `e.expr.func == f` ndi womwe anthu amausiya pofuna kufupikitsa, ndipo kuusiya kumawononga zambiri. Taganizani za f(x(t)), pomwe x ndi malo a chinthu choyenda ndipo t ndi nthawi. Derivative yachiwiri potsata t ili ndi zigawo ziwiri: china chili ndi f'' kuchulukitsa ndi liwiro kawiri, china chili ndi f' kuchulukitsa ndi x''. Choyamba ndi chomwe chiyenera kufa. Chachiwiri ndi acceleration, mtima wa equation yonse ya kayendedwe. Lamulo lopha derivative iliyonse yachiwiri limapha zonse ziwiri, ndipo mumatsala ndi 0 woonetsa ngati chinthucho chikuyenda mosasintha liwiro. Kuti f ndi mzere potsata x sizitanthauza kuti ndi mzere potsata t.

Ngakhale mzerewo ulipo, lamuloli likhoza kukupusitsani pa function ya zolowa ziwiri. Mphamvu ya magetsi ndi P = V × I, pomwe V ndi voltage ndipo I ndi current. Mukagwira I osasintha, P ndi mzere potsata V. Mukagwira V, P ndi mzere potsata I. Derivative yachiwiri potsata V ndi ziro, potsata I ndi ziro, koma yosakaniza, kamodzi V kamodzi I, ndi 1. SymPy imaiwerenga yosakanizayo kuti `derivative_count` yake ndi 2, ndiye lamulo lija limaimeza. `gradef(h(x, y), a, b)` ya Maxima nayo imatero, chifukwa kunena kuti a ndi b ndi osasintha n'kunena kuti yosakaniza ndi ziro. Musanalembe chilichonse, dzifunseni ngati function yanu ili ya mtundu wa ax + by + c, kapena ili ndi xy mkati. Ngati xy alimo, lembani poyera maonekedwe onse, a*x + b*y + c*x*y + d, musiye njira zachidule.

Zonsezi n'za function yomwe ndi mzeredi. Koma kawirikawiri pa ntchito za uinjiniya function si mzere, timangoiyerekeza kwa kanthawi pafupi ndi malo amodzi. Apa mapulogalamu onse awiri amachita bwino, ndipo cholakwa chimakhala cha nthawi yomwe munthu wasankha kuyerekezako.

Pendulum imaonetsa bwino. Mphamvu yake yosungidwa ndi mgl(1 − cos θ), pomwe m ndi mass, g ndi gravity, l ndi kutalika kwa chingwe ndipo θ ndi angle yomwe yapendekera. Tonse timadziwa kuti θ ikakhala yaing'ono, sin θ ndi pafupifupi θ, ndipo cos θ ndi pafupifupi 1. Munthu wofuna kupeputsa ntchito amaika cos θ = 1 mu Lagrangian (mphamvu ya kuyenda kuchotsapo mphamvu yosungidwa) asanatenge derivative. Mphamvu yosungidwa imasanduka ziro, ndipo `euler_equations` ya SymPy imamupatsa θ'' = 0, pendulum yoti mukaikankha siibwerera. Pulogalamu siinalakwe, yachita zomwe yauzidwa. Derivative imatsitsa mphamvu ya chilembo ndi sitepe imodzi, choncho chigawo cha θ² chomwe mwataya poyamba ndi chomwe chikanasanduka chigawo cha θ pomaliza. Dongosolo loyenera n'kutenga derivative pa equation yathunthu, kupeza θ'' = −(g/l) sin θ, kenako n'kuika θ m'malo mwa sin θ. Kapena, ngati mukufunadi kupeputsa poyamba, sungani cos θ mpaka pa 1 − θ²/2. Onani kuti izi n'zosemphana ndi zomwe tanena za function yomwe ndi mzere weniweni: kumeneko kusintha msanga kulibe vuto ndipo kumapewetsa uthenga wa vuto, kuno kusintha msanga kumapha yankho. Kuyerekezako kulinso ndi malire ake. Pa 0.1 radian, pafupifupi madigiri 5.7, sin ndi 0.0998 ndipo kusiyana sikufika 0.2 peresenti. Pa madigiri 30, θ ndi 0.5236 pamene sin ndi 0.5, kusiyana kwa pafupifupi 4.7 peresenti.

Chitsanzo chachiwiri chili pafupi ndi aliyense wokhala mu mzinda wa mapiri ngati uno, momwe thanki ya madzi pamwamba pa nsanja ili chinthu chodziwika. Madzi otuluka pa bowo la pansi pa thanki amatsata lamulo la Torricelli, Q = k√h, pomwe Q ndi kuchuluka kwa madzi otuluka, k ndi nambala yosasintha ndipo h ndi kuya kwa madzi. Amene akukonza makina oyendetsera pampu amafuna mzere, ndiye amasankha kuya komwe thanki imakhala nthawi zambiri, tinene mamita 4. Mu Maxima ndi `taylor(sqrt(h), h, 4, 1)`. Mu SymPy ndi `series(sqrt(h), h, 4, 2).removeO()`. Yang'anitsitsani nambala yomaliza: 1 mu Maxima, 2 mu SymPy, pa yankho limodzimodzi. Maxima imafunsa mphamvu yomaliza yoti isunge, SymPy imafunsa yoyamba yoti itaye. Wosamuka kuchoka ku Maxima akalemba 1 mu SymPy amatsala ndi nambala 2 yokha, gradient yasowa, ndipo derivative yake ndi ziro. `removeO()` nayo ndi yofunika, chifukwa kachidutswa ka O kotsalira kumapeto kamasokoneza mukafuna kuikamo manambala.

Mzere womwe umatuluka m'malo mwa √h ndi 1 + h/4. Pa mamita 4.4 umapereka 2.1 pamene zoona ndi 2.098, palibe chodandaulitsa. Pa mamita 3 umapereka 1.75 m'malo mwa 1.732, kusiyana kwa 1 peresenti. Pa mita imodzi umapereka 1.25 m'malo mwa 1, kusiyana kwa 25 peresenti. Thanki ikauma, h = 0, mzerewo umanenabe kuti madzi akutuluka, theka la omwe amatuluka pa mamita 4. Ndipo tsiku lomwe magetsi athima nthawi yaitali pampu osayenda ndi lomwe thanki imatsika kufika kumeneko. Palibe mwa mapulogalamu awiriwa yomwe imakumbukira kuti mzerewo unamangidwa pa 4. Mukangochotsa O uja, kapena kusandutsa yankho la `taylor` kukhala wamba, malire ake atsala m'mutu mwanu mokha, choncho alembeni pambali pa code. Pa equation zambiri nthawi imodzi, zonse ziwiri zili ndi `jacobian`, ndipo lamulo ndi lomwelo: derivative kaye, manambala a malo osankhidwawo pambuyo.

Chodandaulitsa china pa Maxima n'chakuti siiwala. `declare` ndi `gradef` zimakhala zikugwirabe ntchito mpaka mutatseka pulogalamu. Mukamaliza funso loyamba n'kuyamba lachiwiri ndi dzina lomwelo la f, derivative yachiwiri ibwera ziro ngakhale f watsopanoyo ali wopindika. Lembani `kill(f)` pakati pa mafunso, kapena `kill(all)` pamwamba pa fayilo iliyonse. Mu Jupyter, momwe code ya Python imalembedwa m'mabokosi, vuto lofanana limabwera mukamayendetsa mabokosi mosatsata dongosolo, f wa class n'kukhala pa malo a f wamba. Musanapereke ntchito kwa aphunzitsi kapena kwa abwana, yambitsaninso kernel, injini yoyendetsa code ya mu Jupyter, n'kuyendetsa zonse kuchokera pamwamba.

Kutsimikiza yankho n'kosavuta ndipo sikutenga mphindi ziwiri. Chitani ntchitoyo m'njira ziwiri, ya `gradef` kapena `fdiff` ndi ya kulemba a*t + b poyera, sinthani f wotsala m'yankho loyamba, kenako chotsani lina pa linzake ndi `simplify` mu SymPy kapena `ratsimp` mu Maxima. Zikapanda kupereka ziro, penapake pali chigawo chomwe chaphedwa molakwika. Poikamo manambala oyesera, pewani b = 0 ndi a = 1, chifukwa manambala amenewa amabisa cholakwa cha intercept chija. Tengani ngati a = 1.8 ndi b = 32.

Pa ntchito yofulumira, monga mphunzitsi wofuna kuonetsa chain rule pa projekita kapena wophunzira wotsimikiza zomwe wachita pa pepala, Maxima ndi `gradef` yake ndiyo yapambana, ndipo kalembedwe kake kali pafupi ndi masamu a m'buku. Kwa amene yankho lake likupita m'tsogolo, kukalowa mu NumPy, phukusi la Python lowerengera manambala, kudzera mu `lambdify`, kukajambulidwa pa galafu kapena kukayerekezedwa ndi zomwe zayezedwa mu labu, SymPy ndiyo yoyenera ngakhale imafuna mizere yochulukirapo, ndipo `replace` yokhala ndi `doit()` imakwanira pa mafunso ambiri omwe angakumane nawo. Malangizo a Maxima amafotokoza `declare` ndi `gradef` m'magawo osiyana, ndiye wofufuza mawu oti linear amafikira pa `declare` poyamba. Mukatsegula wxMaxima lembani `? gradef` kuti mupite molunjika pa chomwe mukufuna.